Nkhope Yosakulungira Kapenta

Ndinavotera ndani? Ha! Chikondi ameneyu, funso lake kulasa ngati la wapolisi. Lemba, Tamara, lemba monga mmene ndikambira, usandikonzere mawu. Umuuze mkulu wakoyo kuti za voti ndifikako, asathamange. Ngati aphunzitsi ake ku Kitwe amutuma kuti afunse akuluakulu za mawailesi ndi manyuzipepa a chaka chija tinayamba kuvota zipani zambiri, ayambe wamva za kapenta. Ee, kapenta. Usandiyang'ane choncho, lemba.

Ana inu mudziwa mapulasitiki chabe. Tomato mmodzi, pulasitiki. Mchere wa pasupuni, pulasitiki. Ife ku msika wa Maramba zonse tinali kukulunga m'pepa. Ndinali ndi tebulo langa mumzere wa nsomba, pafupi ndi mpopi, ndipo tebulo limenelo ndilo linali kugulira atate anu a Dalitso yunifomu ndi nsapato. Kapenta wa ku Sinazongwe, woyera, wopanda mchenga. Uyeza ndi kachitini, ung'amba pepa, ulipinda ngati nyanga ya ng'ombe, uthira, utseka pakamwa. Manja angawa lero akanika kutsegula botolo la mankhwala, koma nthawi ija ndinali kupinda nyanga maso ali kwina, ndikukalipira mwana.

Mapepa sanali kundivuta. Ambuya anu aamuna, a Zulu, anali kuphika kumayadi ku Highlands kwa bwana wina wowerenga nyuzi tsiku lililonse. Loweruka lililonse anali kubwera ndi mtolo wa manyuzipepa akale atamanga pakeliyala ya njinga. Anzanga anali kugula mapepa, ine aulere.

Koma panali lamulo. Silinalembedwe paliponse, koma ngakhale mwana wa kumsana anali kulidziwa: nkhope ya Mdala, Pulezidenti wathu wa nthawi ija, sikulungira nsomba. Anyamata a chipani akaipeza nkhope ili ndi mafuta, kapena ili gone m'ngalande, anali kufunsa kuti yachokera patebulo la ndani, ndiye usesa msika wonse anthu akukuonerera. Woyang'anira zimenezi anali ba Namakau, tcheya wa amayi a chipani mumsika. Mayi wa Chilozi, wamtali, duku lake lowongoka ngati lili ndi waya mkati. Iwo ndiwo anali kugawa matebulo. Akati khala apa, ukhala. Akati choka, unyamula saka lako.

Ndiye Sande tikachoka kutchalitchi ndinali kukhala pamphasa ndi mpeni, kusankha mapepa. Kuwerenga sindidziwa, sukulu ndinaionera pawindo ku Katete, koma nkhope ndidziwa. Tsamba la nkhope uku, lopanda nkhope uku. Manje nkhope zija uzichita nazo chiyani? Kutaya sungataye. Kutentha, uope. Kupita nazo kuchimbudzi, Mulungu wanga, osayerekeza n'komwe. Ndinayamba kuzimata pachipupa ndi phala la ufa, kuti zitseke ming'alu. Zaka zikupita, chipupa chonse chinadzaza. Mdala aseka, Mdala apatsa moni azungu, Mdala adula riboni. Ambuya anu anali kudandaula: "Amake Dalitso, m'nyumba muno munthu sangasinthe thalauzi momasuka. Maso ponseponse!"

Ndipo ndikuuzeni zoona, ine Mdala ndinali kumukonda. Dalitso sukulu analowa osalipira, kuchipatala mankhwala osalipira. Kwathu kum'mawa tonse tinali ake. Inde tinali kuima pamzere wa unga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, sopo ndi saladi wophikira mpaka kuwoloka mlatho kukagula tsidya la malire, koma ndinali kuti ndi anthu omuzungulira amene aononga, mwini wake sadziwa.

Kale povota sipanali mutu kuwawa. Papepa panali Mdala mbali ino, mbali inayo chule. Useka chiyani? Chule weniweni, wojambulidwa. Ndipo chule sanali kupempha kuti alankhule pawailesi. Koma chaka chija mbali inayo panabwera munthu.

Munthuyo ine ndinali ndisanamuonepo, ngakhale dzina ndinali kulimvera kumpopi chabe. Wailesi ya mumsika inali ya ba Namakau, anali kuipachika pamsomali wa nsanamira. Nkhani zikayamba, tonse chete. Mdala wafika kwakuti, anthu miyandamiyanda amulandira. Mdala wachenjeza anthu ena osokoneza. Anthu enawo alibe maina, alibe mawu, ngati mizimu. Nkhani zikatha, nyimbo yomutamanda. Ambuya anu kunyumba anali kupotoza wailesi yathu kufuna masiteshoni akunja, aja olira ngati mafuta pamoto, khutu ataligunditsa pamenepo. Ine kukalipa kuti atha mabatire ndi phokoso lachabe. Mabatire paja tinali kuwayanika padenga kuti dzuwa liwabwezere mphamvu. Inu mungoti chaja, chaja.

Manje vuto linandigwera kumene sindinali kuyembekeza. Kale nkhope inali kukhala patsamba loyamba, mwina ndi lina limodzi mkati. Voti itayandikira, nkhope inayamba kuswana. Tsamba loyamba Mdala, lachiwiri Mdala, pakati Mdala wamkulu wa masamba awiri. Ndinati ndithawire kumpira, ndipeza ali komweko apereka chikho. Mtolo wonse wa panjinga ndinali kutsala ndi tsamba lotsatsa matayala ndi la maliro. Mayi wina anandibwezera nyanga, ati, "Nifuna ndiwo, osati kulila." Ndinafika pong'amba makope akale a Dalitso, mnyamata analira ngati ndamudula chala.

Loweruka lina mumtolo munatuluka nyuzi yachilendo, yaifupi, ya zojambula zoseketsa, nkhope zake zosadziwika. Bwana uja anali atayamba kugula nyuzi yatsopano, yosakhala ya boma. Ndinaloza nkhope ya patsamba loyamba.

"Atake Dalitso, uyu ndani?"

"Ameneyo ndi amene wailesi yanu imati kulibe."

Ndinati izi zingandipalamulitse. Lolemba m'mawa ndinaipinda m'chitenje, ndinapita nayo kwa ba Namakau, ndinagwada pang'ono monga mwa ulemu.

"Ba Tcheya, mapepa andisowa. Nanga awa, kodi aloledwa?"

Anaiyang'ana, anaitembenuza, ndiye kuseka mpaka duku linapendeka. "Aba? Kulungilamo, Amake Dalitso! Kulungila maningi! Ndiye nchito yao iyo, kununkha kapenta." Anaikweza m'mwamba kuti mzere wonse uone. "Mwaona? Uyu ndiye muzimai wa chipani!"

Ndinabwerera patebulo ndikuyenda ngati nkhanga.

Ana inu, malonda amene anabwera! Sabata yoyamba pang'ono, yachiwiri anthu mpaka kutsekereza mpopi. Ndipo anthu ake achilendo. Amuna a kunjanji ndi maovolosi awo, manesi, oyendetsa mataxi, anthu amene chibadwire sanagulepo ndiwo. Wina ati, "Mayo, osang'amba, ikani tsamba lonse." Wina ati, "Osapinda maningi." Bambo wina wa tayi anali kubwera ndi kambale kake, akhuthulira kapenta m'mbale, pepa alikung'untha bwinobwino, alipinda, alowetsa m'thumba la shati. Ine mumtima ndinati, koma bambo uyu ndi waukhondo.

Pafupi nane panali Bina Mutinta, Mtonga wa ku Kalomo, mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Tinali kupikula kapenta palole imodzi. Ine kumunyadira: "Mnzanga, malonda ni dzanja. Ena tinabadwa nalo." Iye angothamangitsa ntchentche. Anandipirira masabata angapo. Tsiku lina nditabwerezanso za dzanja, anaika mchira wake wothamangitsira ntchentche pansi.

"Amake Dalitso, kapenta wanu na wanga bachokela mu saka imozi. Bantu bagula nyuzi. Kapenta ni mbasela."

Ndinakhala pansi pachitini.

Anandifotokozera. Nyuzi ija inali kubwera yochepa pabasi kuchokera ku Lusaka, ikafika m'tauni mabwana aitha, ku Maramba siifika. Ndiye anthu anali kuipeza kwa ine, tsamba limodzilimodzi, ndi kumasinthana m'maminibasi ndi kumabawa. Anatenga tsamba lina nandionetsa chithunzi. Chimenecho sichinafune sukulu: anthu bwalo lonse, ena m'mitengo, ena pamadenga. "Uyu ni musonkhano uja wailesi inakamba ati kunali bantu bang'ono, na beve bokolewa."

Madzulo ndinawadikirira ambuya anu pakhomo, manja m'chiuno. "Inu mudziwa kuwerenga. Munali kudziwa!" Iwo akutsamiritsa njinga, nkhope yozizira ngati ya m'busa. "Ine ndinabweretsa mapepa okulungira. Analamula ndi ba Namakau." Atalowa m'nyumba ndinamva akuseka okha, pamaso pa chipupa chonse.

Mufunsa kuti bwanji sindinaleke? Ndikulungire chiyani, maliro? Ndinapitiriza, koma mapepa ndinali kuwabisa pansi pa saka. Ndipo ndiwonjezepo ichi, Chikondi alembe: kanyuzi kaja nakonso kanali ndi mbali yake. Ambuya anu anavomera okha kuti sikanamunenerepo Mdala chabwino ngakhale tsiku limodzi. Kungoti anthu anali atakhuta mbali imodzi, monga mmene ungakhutire delele la tsiku ndi tsiku.

Chimene chinandigwiritsa ndi chiyani, udziwa? Amuna awo a ba Namakau! Bambo wofatsa, wa kumapositi. Anafika kunyumba ndi tsamba m'thumba, ayamba kutsutsana ndi akazi awo za mtengo wa unga. Ba Namakau kulanda pepa lija, kulinunkhiza.

M'mawa mwake ndinaona duku likubwera pamwamba pa mitu ya anthu. Mzere wonse zii, ngakhale wa mpopi anatseka madzi.

"Amake Dalitso! Mu nyumba mwanga mwangena kapenta wamene sininagule."

"Ba Tcheya, paja ndinu munati..."

"Nizakamba ine! Nenze kuganiza ndimwe bathu, imwe ba kum'mawa. Kansi ndimwe ofesi yao!" Anasuzumira pansi pa saka, anaona. Akanatha kundichotsa pomwepo, koma masiku amenewo akuluakulu awo anali atawauza kuti agwire anthu bwino mpaka voti ipite. Anatola khala pambaula ya mayi wa vitumbuwa, analemba mtanda pamwendo wa tebulo langa. "Tikawina, na tizawina, wailesi mwaimvela mweka, iyi tebulo nizapasa mwana wa mulongo wanga. Gulisani komaliza, mulaile."

Ana inu, mtanda umenewo ndinali kuuona ngakhale nditatseka maso popemphera. Chifukwa ine wailesi ndinali kuikhulupirira. Mawu aja a bambo wowerenga nkhani, okhathamira bwino, anganame? Ndipo maso anga anali kuvomereza. Lole ya chipani ikabwera kugawa zitenje, msika wonse unali kuvala. Anabwera ndi makamera, tinavina mpaka fumbi, ine patsogolo penipeni kuti mwina ba Namakau aone. Madzulo oonera TV anatiuza kuti tinaoneka, ndipo anati Maramba yonse ili pambuyo pa Mdala. Ndinayamba kufunsira malo ogulitsira m'mbali mwa msewu. Bina Mutinta, chitenje chomwecho chili m'chiuno, thukuta la gule likali pamphumi, anandinong'oneza: "Osalila. Chitenge ni chitenge, sichivota."

Tsiku la voti kunatentha, kutentha kwa Okutobala kuja mathithi athu a pamalire amachepa madzi mpaka miyala kuoneka. Tinaima pamzere kusukulu. Chimene sindidzaiwala ndi chete. Anthu a Maramba, amene amakangana ngakhale pamaliro, tsiku limenelo aliyense maso pansi, kakhadi m'manja. Wina akafunsa mnzake kuti zili bwanji, ayankha kuti kwatentha.

Ndinalowa m'kabokosi kaja, pepa m'manja. Zizindikiro ndinali kuzidziwa zonse ziwiri. Dzanja linapita lokha kwa Mdala, monga mwendo umadziwira njira ya kumunda. Ndiye ndinaima. Ndinati, Mdala ali ndi wailesi, ali ndi nyuzi, ali ndi TV, ali ndi dziko lonse, anena okha tsiku ndi tsiku. Kavoti kanga kamodzi akasowa sadzamva n'kumva. Koma tebulo langa lilibe wailesi. Lili ndi ine ndekha.

Eya, wamva tsopano, Chikondi. Ndinachonga kwa watsopano uja. Sindinamuvotere chifukwa chomudziwa, ine ndinali kumudziwa ali ndi mafuta a kapenta pamphumi. Ndinavotera tebulo.

Nditafika kunyumba maso onse aja a pachipupa anali pa ine. Ndinawomba m'manja pang'ono, ndinati, "Pepani, Mdala, mwawina kale inu." Ambuya anu ali panja: "Mulankhula ndi ndani?" Ndinati, "Ndi buluzi."

Zotsatira tinazimvera mumsika, pawailesi yomweyo ya pamsomali. Bambo wa mawu okhathamira uja tsiku limenelo anali kuwerenga ngati wameza fupa. Kwakuti, watsopano. Kwakuti, watsopano. Ba Namakau anaitsitsa wailesi, anaigwedeza, anachotsa mabatire, anawaluma, anawabwezera. Yanena zomwezo. Kansi anthu ambirimbiri anali ataganiza ngati ine, aliyense ndi tebulo lake mumtima, aliyense akuti Mdala ali nawo ambiri. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Kwathu kum'mawa kokha ndiko kunamugwiririra, ndipo Bina Mutinta sanandisiye: "Abale banu bakali kuyembekeza chule!" Koma pamene Mdala analankhula yekha kuvomera kuti wagonja, mwaulemu, popanda mfuti kulira, ine ndinalira. Anthu akuvina, ine misozi m'kapenta.

Musaganize kuti tebulo linapulumuka pomwepo. Patangopita masiku anabwera anyamata a chipani chatsopano ndi tcheya wawo, kamnyamata ka jekete lachikopa padzuwa lonse lija. Anyamatawo anawachotsa ba Namakau patebulo lawo lalikulu la pakhomo. Ndiye anayamba kuyenda mzere ndi mzere. Atafika kwa ine, wina anati, "Aba ni ba kum'mawa. Ku nyumba kwao chipupa chonse ni Mudala. Na pa TV tinabaona, benze kusogolo."

Ndinati kansi tebulo ili lipita, uku ndi uku.

Bina Mutinta analumpha saka. "Imwe bafana, nyuzi yamene munali kubelenga mu minibasi yenze kununkha chani? Onani mwendo wa tebulo! Uyu mutanda analemba ni ndani, pa mulandu wa chani?"

Tcheya anawerama, anaona mtanda wa khala uja. Anandiyang'ana bwino, ndiye anavula chipewa. "Ndimwe ba mayo ba kapenta? Ba tate benze kubwela na mbale kuli imwe!" Mwana wa bambo waukhondo uja! Anayamba kundiombera m'manja, ati ndine mayi wolimba mtima, ndinamenya nkhondo mobisa. Ine pakamwa ndinatseka ngati nyanga ya kapenta. Mtanda uja sindinaufute mpaka unatha wokha.

Malonda a maovolosi ndi matayi anathera pomwepo, kapenta anabwerera kukhala kapenta. Ba Namakau anapezeka pansi, atayala saka pambali pa mpopi, pafupi ndi mwendo wa tebulo langa, akugulitsa impwa ndi tsabola. Duku lili chiwongokere. Moni osandipatsa, ine ndikapatsa ayankha ndi mphuno.

Mvula isanathe, ndikusankha mapepa pamphasa, ndinaona zodabwitsa. Nyuzi ya boma ija, yomwe ija: tsamba loyamba watsopano, lachiwiri watsopano, kumpira ali komweko ndi chikho. Pawailesi bambo uja fupa linali litatsika, mawu akhathamiranso, anthu miyandamiyanda ayambanso kulandira. Ndipo tcheya wa jekete anadutsa mumzere, ati, "Ba mayo, ni demokalase, sitikakamiza munthu. Koma nkhope ya ba Pulezidenti isaoneke na mafuta."

Mapepa anasowanso msika wonse. Tsiku lina masana ndinaona ba Namakau akuyesa kukulunga tsabola m'tsamba la mango, tsabola kugwa, atola, kugwanso. Ndiye osandiyang'ana, maso ali kumpopi, anati:

"Amake Dalitso. Zija za pa chipupa zikaliko?"

Tinapita tonse awiri, ndi mpeni ndi kansalu konyowa. Tinamatula chipupa chonse, iwo pamwamba poti ndi aatali, ine pansi. Ambuya anu anakhala pampando panja akuimba kamluzu. M'mawa mwake ba Namakau anapinda nyanga yawo yoyamba, bwinobwino, mosamala, nkhope ataitembenuzira mkati. Anandiona ndikuwayang'ana.

"Nkhope mukati," anatero. "Ulemu."

Tinaseka mpaka Bina Mutinta anabwera kudzafunsa ngati tamwa.

Wafika pati? Walemba za chule? Za thalauzi usachotse, ambuya ako sakanakana. Basi, tumiza manje manje, netiweki isanathawe, ndiye unditengere madzi, kukhosi kwauma.